Kuwedza pa miyala ndi pa jete kuno ku Cape Town: mmene mungapitire nkubwerako amoyo

Abale anga amene muli kuno ku Cape Town, makamaka inu ochokera kunyanja, a ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima, Mangochi, ndikuona ambiri mwagula ndodo zowedzera ndipo tsiku la ofu mukumapezeka pa khoma la doko ku Kalk Bay, ena ku Hout Bay, ena mpaka kusonkherana petulo kupita ku miyala ya ku Rooi-Els. Palibe cholakwika, nsomba m'mashopu muno yadula ndipo munthu wokulira kunyanja sangakhale pafupi ndi madzi chonchi osaponyako mbedza. Koma tigwirizane kaye chinthu chimodzi, nyanja iyi si ija ya kwathu, ndipo chimene ndimaopa kwambiri pa ife a kunyanja ndi mtima uja woti madzi ine ndimawadziwa, ndinayamba kusambira ndisanayambe sukulu.

Kwathu mafunde amabwera ndi mphepo. Mwera ukayamba cha mu Meyi mpaka Ogasiti umaumva pankhope, umaona madzi achita bii kutali uko, asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndipo mphepo ikaleka nyanja nayo sichedwa kugona. Kuno sizili choncho. Mafunde aakulu amene amamenya gombe la Cape amabadwira kutali kum'mwera, panyanja ya pakati pa ife ndi Antarctica komwe anamondwe sasowa chaka chonse, amayenda makilomita masauzande kwa masiku angapo ndiye amadzafika pano tsiku loti dzuwa lili phwee, mphepo kulibe, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Amenewa ndi amene amati swell. Kuwonjezera apo madzi akuno amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, zimene amati taidi, ndipo ndi ozizira moti thupi lozolowera madzi a madigiri 24 mpaka 28 a kwathu aja silidziwa chochita likagweramo. Ndiye tiyeni tiyende pang'onopang'ono kuyambira kunyumba mpaka kumadzi.

Choyamba, onani taidi usiku wake musanagone

Lembani pa Google kuti tide table ndi dzina la malo oyandikira kumene mukupita, kaya Simon's Town, kaya Cape Town, kaya Hermanus, ikubweretserani nthawi imene madzi adzadzaze ndi imene adzaphwe. Madzi amatenga maola 6 ndi timphindi kukwera, maola ena 6 kutsika, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50. Ndiye osamati Lamulungu lapitali tinapita 10 koloko zinali bwinobwino tipitenso 10 koloko, ayi, pakatha sabata zinthu zimakhala zatembenuka, nthawi imene madzi anali ophwa ndi imene pano ali odzaza.

Kenako yang'anani mwezi. Ukakhala wathunthu, komanso ukakhala mdima woti watsala pang'ono kuoneka watsopano, imeneyo ndi spring tide, imabwera kawiri pamwezi ndipo imatenga masiku angapo. Nthawi imeneyo madzi amaphwa kwambiri komanso amadzaza kwambiri, kusiyana kwake kumayandikira mamita 2 pomwe masiku a mwezi wa theka sikukwana ndi mita imodzi yomwe. Ya mu Malichi ndi mu Seputembala ndiye imakhala yoposa zonse.

Msampha wake uli apa ndipo ndikufuna muuone bwino. Kuno ku Joni pa spring tide madzi amaphwa cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa nkudzadzaza cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana. Ndiye inu mwafika m'mawa, nyanja yathawira uko, miyala yonse ili pamtunda, mukuona thanthwe labwino kutsogolo pafupi ndi madzi akuya, pakati pali kangalande kouma mwadutsa nsapato osanyowa. Mwakhazikika, mwaponya. Cha m'ma 12 nsomba zayamba kudya chifukwa zimakonda madzi akamakwera, maso anu onse ali pa nsonga ya ndodo, kumbuyo simukuchewukako. Kangalande kaja 1 koloko madzi ali m'mawondo, 2 koloko ali pachifuwa ndipo sakungoima, akulowa ndi kutuluka mwamphamvu funde lililonse likabwera. Madzi samakwera mofanana ayi, ola loyamba amachita ngati palibe chikuchitika, koma theka la kukwera konse limachitika mu ola lachitatu ndi lachinayi. Chochita nchosavuta, ikani alamu pa foni kuti ilire pakatha maola awiri kuchokera pamene madzi anaphwa, ikalira nyamulani katundu bwererani kumtunda olo nsomba zikudya bwanji.

Chachiwiri, swell

Taidi yokha siyokwanira. Tsegulani Windy kapena Windguru, zonse nzaulere, muone zinthu ziwiri, kutalika kwa mafunde m'mamita ndi period yake m'masekondi. Anthu ambiri amangoona mamita nkusiya pomwepo koma period ndi imene ili ndi nkhani, ndi nthawi imene imadutsa pakati pa funde ndi linzake. Funde la mamita 2 la masekondi 7 ndi la mphepo ya pafupi, limachita phokoso koma lilibe thupi. La mamita 2 omwewo koma la masekondi 14 kapena 15 lachokera kutali, lanyamula madzi ambiri kumbuyo kwake, likafika pa thanthwe silimangophulika nkutha, limakwera nkumapitirirabe kukwera mpaka pamene mumati apa sipangafike madzi.

Dziwaninso kuti nambala imene amalemba ija si ya funde lalikulu kwambiri la tsikulo, ndi avereji ya mafunde okulirapo basi, ndiye mkati mwa maola angapo limabwera limodzi lotsala pang'ono kuiwirikiza kawiri. Akalemba mamita 2.5 inu muziwerengera kuti la mamita 4 kapena kuposa lili m'njira. Ine ndimati swell ikadutsa mamita 2 ndipo period yadutsa masekondi 12, pa miyala yoyang'ana kunyanja yaikulu sikopita, ndipo ikakumana ndi spring tide ndiye nkhani yatheratu, khalani pakhomo muchape zovala. A South African Weather Service amatulutsanso machenjezo a yelo, olenji ndi ofiira okhala ndi malevulo kuyambira 1 mpaka 10, mukaona alemba za damaging waves, ndiye kuti mafunde oononga, m'dera lanu, olo likhale la yelo, limenelo alembera inuyo amene mumaima m'mphepete mwa madzi. Nyengo yozizira, Meyi mpaka Seputembala, ndi imene swell yaikulu imachuluka, ndipo kumbukirani kuti mphepo yozizira yobwera ndi mvula ija amati cold front ikadutsa mvula nkukata nyanja imakhalabe yolusa kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Za mphamvu ya madzi tisamakanganepo. Malita 1000 a madzi amalemera tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo kafunde kongofika m'mawondo kakhoza kubweretsa madzi oposa pamenepo pa kamphindi kamodzi inu mutaima pa mwala woterera. Palibe mwendo umene ungalimbe.

Chachitatu, zovala ndi katundu

Ambiri timapita ndi zimene tili nazo, jombo za ku site, gambuti, ovolosi, chijekete chachikulu chifukwa kumazizira, chikwama kumsana chodzaza ndi masinka, tizitsulo tolemera tomiza mbedza tija. Pamtunda zonsezi nzabwino koma mmadzi zimakumanga miyendo ndi manja. Valani nsapato zopepuka zogwira pansi, masilipasi ayi, zovala zopepuka zowala mtundu kuti okufunani akuoneni, ndipo chikwama chizikhala pansi kumtunda, osati pamsana panu. Masinka m'matumba a buluku musamaike.

Ndiye laifi jaketi. Ndikudziwa kuti pa miyala anthu ambiri savala ndipo ena amaona ngati ukavala ndiwe wamantha kapena wachilendo, koma chonde gulani. Yabwinobwino simafika mtengo wa ndodo ndi rilu zimene mwagula kale. Munthu amene funde lamukokolola pa miyala kawirikawiri amagwera mmadzi atamenyetsa kale mutu kapena phewa, kusambira kwanu konse kwa ku Chintheche kuja sikugwira ntchito ngati dzanja lathyoka kapena mwachita chizungulire, jaketi ndi imene imagwira mutu wanu pamwamba mpaka boti ifike. Muimange bwino, malamba onse, yongokoleka imavuka funde loyamba lomwe. Tonse timadziwa mmene zimakhalira pa gulupu ya WhatsApp tikamasonkha ndalama zoti maliro apite kumudzi, ndipo nyanja iyi nthawi zina sibweza ndi thupi lomwe, makolo kumudzi nkulira popanda choika m'manda.

Foni ikhale m'kathumba kosalowa madzi, yodzaza chaji, mutasevamo manambala awiri awa, 112 imene imagwira pa foni ya m'manja iliyonse, ndi 087 094 9774 ya a NSRI opulumutsa anthu panyanja. Tengani chingwe cholimba cha mamita 20 kapena 30 mumangirire ku chigubu cha malita 5 chotseka bwino, muikemo timadzi pang'ono kuti chiziponyeka patali. Osapita nokha. Uzani wina wa pakhomo malo enieni amene mukupita ndi nthawi yobwerera, osangoti ndapita kunyanja. Pemiti yowedzera nayo muzikhala nayo, amagulitsa pa intaneti, ndipo malo ena ndi otetezedwa saloleza kuwedza, funsani kaye.

Chachinayi, mukafika khalani pansi kaye

Apa mpamene ambiri amalephera chifukwa mtima umakhala uli phaphapha kufuna kuponya. Musatsike. Khalani pamwamba pamene mukuona bwino malo amene mukufuna kukaimawo, muyang'ane kwa mphindi 20 kapena 30, mbedza ndi nyambo mukhoza kumakonza muli pompo maso ali kumadzi. Mafunde a swell amayenda m'magulu, pamadutsa ang'onoang'ono kwa mphindi 10, 15, nyanja nkuoneka ngati yagona, kenako aakulu atatu kapena asanu motsatizana. Munthu amene wayang'ana mphindi zisanu zokha amakhala waona nthawi yopuma ija nkuganiza kuti ndi mmene kulili lero. Dikirani muone magulu awiri kapena atatu, muone pamene lalikulu kwambiri lafika, kenako muwonjezere malo ena pamwamba pake poti madzi akukwerabe.

Mwala womwewo umakuuzani zambiri. Ngati uli wonyowa pomwe mvula sinagwe, funde lafikapo posachedwa. Ngati m'maenje mwake muli madzi oyera ozizira, pali ndere zobiriwira kapena zakuda zija zoterera, pamera tinkhono ndi nkhono zakuda zija amati ma mussel, pamenepo ndi pakhomo pa nyanja, madzi saiwala khwawa. Funani mwala wouma, wotuwa, umene uli ndi njira yothawira kumbuyo yoti mukhoza kukwera mofulumira osadumpha mpata. Thanthwe limene kumbuyo kwake kuli chiphedi choti simungakwere lisiyeni olo anthu akunena kuti mpamene pali nsomba. Samalaninso ndi ming'alu ija yolowa mkati mwa miyala, funde likalowamo limapanikizika nkuthamanga, limatulukira kumbali kapena kumbuyo kwanu kumene simukuyang'ana.

Amene munayendapo mu msewu wa R44, Clarence Drive, kuchoka ku Gordon's Bay kupita ku Rooi-Els, munaona mitanda ndi zikumbutso m'mbali mwa miyala. Zina mwa izo nza owedza amene anakokoloka pamenepo. Madzi a mbali imeneyo ndi akuya mpaka pa mwala penipeni ndiye funde silimaswekera kutali kuti mulione likubwera, limangotupa mwakachetechete nkukwera thanthwe. Ngati ndinu watsopano musayambire kumeneko, ndipo mukapita pitani ndi munthu amene wawedzako zaka zambiri, mumvere akati tiyeni tizipita.

Chachisanu, muli pa ntchito

Nyanja musaipatse msana, nkamodzi komwe. Kusintha nyambo, kumasula chingwe chopiringizika, kudula nsomba, kuyankha foni, kujambula, zonsezi bwererani kumtunda mukachitire kumeneko. Mukakhala awiri mmodzi akamaponya kapena kulimbana ndi nsomba winayo ntchito yake ndi kuyang'ana mafunde basi ndi kukuwa likamabwera.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene nsomba yakodwa. Mwaikoka yafika pansi pa mwala, ndi yaikulu, simungainyamule ndi ndodo, ndiye mumatsika masitepe awiri atatu kuti muigwire, mwawerama, mutu uli pansi, dzanja limodzi lili ndi ndodo linalo likufuna chingwe, funde ndi limenelo. Musanaponye nkomwe sankhiranitu malo amene mudzatulutsire nsomba, poti funde lokha liziikankhira pamwamba inu muli chiimire pouma. Ngati palibe malo otero ilekeni ipite. Mbedza ikakodwa pa mwala dulani chingwe, sinka ndi mbedza mugula zina. Chipewa chikauluka, ndowa ikatengedwa, zisiyeni.

Nsomba ija amati galjoen ndi imene imakopa anthu kupita malo oipa, imagwidwa nyengo yozizira, poti kuyambira pa 15 Okutobala mpaka kutha kwa Febuluwale njoletsedwa, ndipo imakonda madzi a thovu owinduka pafupi ndi miyala, ndiye mumva anthu akuti nyanja ikalusa mpamene imadya. Nzoona imadya, koma malamulo amakulolani ziwiri zokha pa tsiku, ndiye ganizirani zimene mukuika pachiswe chifukwa cha nsomba ziwiri. Chimodzimodzi kukadula nyambo ija amati red bait m'munsi mwa miyala madzi ataphwa, munthu amakhala atagwada, mpeni m'manja, nkhope ili pa mwala, pamenepo pafunika mnzanu woyang'anira mafunde osachita china chilichonse.

Mowa ayi. Imwani mukafika kunyumba nsomba ili pamoto. Usiku pa miyala imene simunaione masana musayerekeze.

Funde likakupezani poti kuthawa sikutheka, musathamange pa mwala wonyowa mutalipatsa msana. Ponyani ndodo, gwadani kapena gonani pansi, gwiritsitsani mng'alu kapena nsonga ya mwala ndi manja onse awiri, kokani mpweya. Kubwera kwake kumakankha koma kubwerera kwake ndi kumene kumakoka, ndiye musataye msanga, madzi akangotsika dzukani kwerani kumtunda nthawi yomweyo chifukwa lachiwiri lili kumbuyo ndipo likhoza kukhala lalikulu kuposa loyamba.

Pa jete ndi pa khoma la doko

Anthu amaona ngati poti ndi simenti yosalala, pali nyali, pali alendo akudya chipisi, ndiye palibe choopsa. Khoma la doko analimanga kuti lizimenyedwa ndi mafunde m'malo mwa maboti ali mkatimo, ndiye mukaima pamwamba pake mwaima pamene nkhondo imachitikira. Ku Kalk Bay mphepo ya south-easter ikalimba kapena swell ikalowa mu False Bay madzi amadumpha khoma lonse mpaka kukwirira kanyumba ka nyali kali kumapeto kaja, ndipo anthu akhala akukokoloka pamenepo nkugwera mkati mwa doko. Lamulo lake ndi lija la pa mwala, simenti ikakhala yonyowa kumapeto uko musapiteko, mukaona funde limodzi lokha lawaza madzi pamwamba pa khoma longedzani. Geti akatseka kapena a chitetezo akati tulukani musakangane nawo ndipo musadumphe.

Kumbukirani za Loweruka pa 16 Seputembala 2023. Spring tide inakumana ndi swell yaikulu, madzi analowa mu lesitilanti ya Brass Bell ku Kalk Bay anthu ali mkati, ku Gordon's Bay anakankha magalimoto oimikidwa mumsewu, ku Wilderness gogo wina wa zaka zoposa 90 anamwalira funde litamugwetsa pamalo oimika magalimoto. Amenewa sanali pa mwala kapena pa jete, anali pamtunda poti aliyense amati mpotetezeka. Nanga munthu amene ali kumapeto kwa khoma lolowa mkati mwa nyanja, njira yothawira ili imodzi yokha yaitali, zingamuthere bwanji?

Zisimenti zikuluzikulu za nthambi zija amaziunjika kunja kwa makoma, madolosse, musakwerepo. Zimaterera, pakati pake pali maenje akuya, mukagweramo funde limakukankhirani mkati ndipo olo opulumutsa amavutika kukufikani. Musakhale pa khoma miyendo ili lendee kunja, ndipo mukangofika yang'anani pamene pali makwerero ndi pamene apachika boya lopulumutsira. Ana musapite nawo kumapeto. A ku Durban amene mumawedza shad ku Blue Lagoon ndi m'majete a kumeneko, madzi anu ndi ofunda koma m'mbali mwa jete mumadutsa mkokomo wamphamvu wopita kunyanja, zonsezi nzanunso.

Pa mchenga

Ku Strandfontein, Macassar, Monwabisi, vuto ndi kulowa mmadzi kuti uponye patali. Mumayamba m'mawondo, kenako m'chiuno, pansi pali dzenje limene dzulo kunalibe. Pamene mukuona madzi odekha akuda pakati pa mafunde oyera, thovu ndi zinyalala zikuyenda kupita kunyanja, pamenepo pali rip current, madzi onse amene mafunde abweretsa akubwerera kudzera pompo. Nsomba zimapezekadi pamenepo, ponyani mutaima pambali madzi osadutsa m'mawondo. Ikakutengani musalimbane nayo kuti mubwerere pamene munachokera, imathamanga kuposa munthu wosambira, yandamani, kwezani dzanja, ikafooka sambirani chopingasa motsata gombe kenako mafunde akuthandizani kubwerera. Amene mumavala ma wader, mabuluku osalowa madzi ofika pachifuwa aja, mangani lamba wolimba m'chiuno pamwamba pake kuti asadzaze madzi.

Mukagwera mmadzi

Mbali ya Atlantic, ku Hout Bay, Kommetjie, Sea Point mpaka Melkbosstrand, madzi amakhala cha pa madigiri 10 mpaka 14, ndipo chodabwitsa nchakuti m'chilimwe south-easter ikamawomba mpamene amazizira kwambiri. Mukangogweramo thupi limadzidzimuka lokha, mumakoka mpweya mwadzidzidzi osafuna, kupuma kumakhala kwa befu, mtima kuthamanga. Mutu ukakhala pansi pa madzi nthawi imeneyo mumakoka madzi. Zimenezi zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri nkudutsa, ndiye ntchito yanu yoyamba si kusambira ayi, gonani chagada, tambasulani manja ndi miyendo, makutu mmadzi nkhope kumwamba, mudikire kupuma kubwerere m'malo.

Kenako chitani chimene mtima sufuna, talikirani miyala. Aliyense amafuna kubwerera pamene wagwera nkukwera, koma pamenepo mpamene funde likakunyamulani nkukumenyetsani, ndipo tinkhono tija timacheka ngati lezala. Pitani kunja pang'ono kuseri kwa pamene mafunde akuswekera, kumeneko madzi amangokukwezani ndi kukutsitsani. Jombo zikamakulemerani zivuleni. Musatope ndi kusambira mtunda wautali, mmadzi ozizira chonchi pakatha mphindi 10 kapena 20 manja amayamba kuuma osagwiranso kanthu, ndiye chilichonse choyandama chimene akuponyerani chikumbatireni msanga. Ngati pafupi pali kagombe ka mchenga kapena malo obisika ku mafunde lunjikani kumeneko pang'onopang'ono, ngati palibe yandamani mudikire boti.

Akagwera ndi mnzanu

Musadumphiremo. Ndikudziwa kuti ndi m'bale wanu, mwina munachokera mudzi umodzi, mwina ndinu amene munamuitana kuti tiye tikawedze, koma mukadumpha opulumutsa adzafuna anthu awiri ndipo palibe wotsala woti aimbe foni. Ponyani choyandama, chigubu chija, kula bokosi yotseka, ndowa yokhala ndi chivundikiro. M'magombe ambiri muli maboya a pinki amene a NSRI anayamba kupachika mu 2017, pa chikwangwani chake pamakhala nambala ya foni ndi nambala ya malowo, tengani boyalo ponyani, imbani muwauze nambala ya pa chikwangwaniyo adziwa pamene muli. Mukuwireni kuti agone chagada ndipo atalikire miyala. Munthu mmodzi asachotse maso pa iye, azimuloza ndi chala nthawi yonse, chifukwa mutu wa munthu pakati pa mafunde ukangousiya kamphindi suupezanso. Chingwe musadzimangirire m'chiuno, ndipo musamukokere pa miyala mafunde aakulu akubwera, mugwireni ali kunja mudikire nthawi yopuma ija.

Poimba foni nenani malo, anthu angati, wavala chiyani, wagwa nthawi yanji, madzi akumutengera mbali iti, mukatha musazimitse foni. Ndipo apa ndinene poyera poti ndikudziwa chimene chimachedwetsa ena mwa ife, nkhani ya mapepala. A NSRI si a Home Affairs, ndi bungwe la anthu ongodzipereka limene lakhalapo kuyambira 1967, ali ndi masiteshoni ku Gordon's Bay, Strandfontein, Simon's Town, Kommetjie, Hout Bay, Table Bay ndi kwina konse m'gombe muno, ndipo salipiritsa munthu chifukwa chomupulumutsa. Olo mukhale ndi mantha otani imbani nthawi yomweyo, mphindi zimene mukukambirana kuti tiimbe kapena ayi ndi zimene mnzanu manja ake akuuma.

Akatuluka

Ngati sakupuma mugonekeni chagada pamalo olimba, kwezani chibwano, muuzireni mpweya mkamwa kaye poti munthu womira chimene wasowa ndi mpweya, kenako dinikizani pakati pa chifuwa ka 30 mwamphamvu ndi mofulumira, kuuzira kawiri, ka 30 kenanso, osaleka mpaka ambulansi ifike, mukatopa sinthanani. Zija timachita kwathu zomudina pamimba kapena kumuzondotsa kuti madzi atuluke musachite, zimangotaya nthawi ndipo akhoza kusanza nkutsamwa. Ngati akupuma mugonekeni chammbali, muvuleni zonyowa, mufunditseni majekete ndi chilichonse chouma mpaka kumutu, mumutchinge ku mphepo. Osamupatsa mowa kuti atenthedwe, osamutikita manja ndi miyendo, osamuyendetsa. Ngati anamenya mutu kapena akudandaula khosi musamugwedeze pokhapokha ngati madzi akufika pamene wagona.

Ndipo olo adzuke nkumati ndili bwino tiyeni tizipita kunyumba, ngati anakoka madzi, akutsokomola, akupuma movutikira kapena akuoneka wosokonezeka, apite ku chipatala tsiku lomwelo. Madzi amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto pakadutsa maola angapo, ndiye usiku umenewo asagone yekha m'chipinda.